Injini Yakufa ya Lameck Chimtengo

Pakati pa Amalawi a ku Dubai, Lameck Chimtengo ankadziwika ndi zinthu ziwiri: manja osakhazikika ndi galimoto yaphokoso. Za manjazo anthu anali atazolowera. Ukamuitana kudzadya nkhomaliro, unkayenera kubisiratu chilichonse cholira molakwika m'nyumba, apo ayi pochokera kukhitchini ndi mbale ya mpunga unkapeza mlendo wako atagwada pansi, chitseko cha kabati chili m'manja, akufunsa ngati uli ndi sikuludilaiva ya nyenyezi. Iye ankati ndi utumiki. Mkazi wake Phoebe ankati ndi matenda.

Anabadwira ku Balaka, m'banja la aphunzitsi, ndipo uinjiniya anakaphunzira ku Blantyre. Ku Dubai anabwerera ntchito ya makina oziziritsa nyumba zikuluzikulu, ntchito imene m'dziko lotentha ngati limenelija imamupatsa munthu ulemu wonga wa m'busa. Chikhulupiriro chake pa zitsulo chinali chachifupi: chinthu chikakalamba, chotsa, ika chatsopano. Pa ukwati wake weniweniwo, pelekanipelekani ali mkati, mkwati anasowa pampando. Anakamupeza kuseri kwa holo, jekete atapachika pa mtengo, akuwauza eni jenereta kuti yawoyo yatha ntchito ndipo angachite bwino kugula ina. Phoebe, amene ankagwira ntchito yosamalira anthu apaulendo m'ndege, ankakonda kunena kuti tsiku limenelo ndi pamene anadziwa kuti wakwatiwa pamitala.

Galimoto ija anaipeza zaka zingapo mliri usanabwere. Mzungu wina wa ku Amereka, wa ntchito za mafuta, ankabwerera kwawo mothamanga banja lake litatha, ndipo ankagulitsa zonse, kuyambira mipando mpaka mphaka. Lameck anapitira firiji. Kuseri kwa nyumbayo, pansi pa lona lodzaza mchenga, anapeza Chevelle ya 1970, yofiira ngati tomato wa pa Lizulu, mizere iwiri yakuda itadutsa pa boneti yotalika ngati bedi la kuchipatala. Inali imodzi mwa magalimoto akale a ku Amereka aja a injini zazikulu, opangidwa nthawi imene anthu ankamwetsa galimoto petulo ngati madzi a pamjigo. Firijiyo sanaigule. Phoebe anali m'mwamba tsiku limenelo, ndipo nkhaniyi anaimva atatera, galimoto itafika kale pamalo oimikapo a ku Discovery Gardens kumene ankakhala.

Injini yake inali yoyambirira, ya masilinda eyiti, yomwe galimotoyo inatuluka nayo m'fakitale. Ikaliza, magalasi a m'mawindo ankanjenjemera, ma alamu a magalimoto a anansi n'kuyamba kuyankhana ngati agalu a m'mudzi. Koma inali nkhalamba. Oyilo inkamwa, utsi wabuluu inkatulutsa, ndipo ikangoima pamzere wa magalimoto dzuwa la Julayi lili paliwombo, singano ya kutentha inkakwera ngati mtengo wa chimanga mu Januwale. Tsiku lina akupita kutchalitchi ku Jebel Ali, injiniyo inagogoda kangapo, n'kutsokomola, n'kukhala chete. Phoebe anaima m'mbali mwa msewu ndi diresi lake labwino, thukuta likutsikira m'nsapato, akhristu anzawo akudutsa m'magalimoto awo achijapani n'kumawabayibitsa mwachikondi.

Lameck sanachedwe. Anaikokera ku Al Qusais, ku galaja ya makaniko wina wa ku Pakistan, Ustadi Nazir, amene ankakonza mapikapu ndi timabasi tonyamula antchito. Anaitanitsa injini yatsopano kuchokera ku Amereka komweko, yomwe inabwera m'bokosi lamatabwa ikunyezimira. Poti mwini wake anali munthu wa zoziziritsa, anaikamonso eyakoni yamphamvu, yoti wokwera kumbuyo ankapempha juzi pakati pa chipululu. Ntchito itatha, Nazir analoza injini yakale ija, imene inali pakona ikudontha oyilo, n'kufunsa kuti achite nayo chiyani. Lameck sanacheuke n'komwe. Anangoti khalas, zatha, achite nayo zimene akufuna.

Zaka zotsatira zinali zokoma. Lachisanu m'mawa, tsiku lopuma kumeneko, ankaitulutsa, chigongono chili pawindo, n'kumayenda pang'onopang'ono kuti anthu aione bwino. Pa maphwando a Amalawi inkaima pakhomo ngati mlendo wolemekezeka. Amayi ogwira ntchito m'nyumba za Aluya, akapeza tsiku lopuma, ankaitsamira n'kujambulitsa zithunzi zotumiza kumudzi, ndipo Lameck ankamva kuti ku Mangochi ndi ku Mulanje kuli mabanja angapo amene amakhulupirira kuti galimotoyo ndi ya mwana wawo. Sankatsutsa.

Kenako kunabwera korona. Ndege zinaima, mahotela anatsekedwa, ndipo m'bindikiro utafika povuta munthu ankayenera kupempha chilolezo pa foni kuti akagule buledi. Kwa nthawi yoyamba chikwatirane, Lameck ndi Phoebe anakhala m'nyumba imodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tsiku ndi tsiku. Lameck anasintha mipopi yonse. Anasintha mababu amene ankayaka bwinobwino. Atayamba kuyang'anitsitsa makina oumitsira tsitsi a mkazi wake, Phoebe anawabisa m'sutikesi n'kukhoma.

Pakati pa chaka kuseka kunachepa. Phoebe anali m'gulu la amene anauzidwa kuti ntchito yatha. Malipiro a Lameck anadulidwa, popeza nyumba zopanda anthu sizifuna kuziziritsidwa kwambiri. Lendi sinadwale korona, ndipo mwana wawo Lindiwe, amene ankaphunzira kumudzi akukhala ndi azakhali ake, ankafunikabe kudya ndi kuvala, sukulu zitatsekedwa kapena ayi. Phoebe sananenepo kuti galimoto igulitsidwe. Ankangoima pawindo m'mawa uliwonse, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kumaiyang'ana pansipo mwakachetechete. Lameck anapirira kwa kanthawi, koma maso a mkazi ali pawindo ndi ulaliki wovuta kuuthawa.

Anaitsuka, n'kuijambula mbali zonse, n'kuiika pa intaneti. Pamwamba penipeni analemba ndi zilembo zazikulu kuti ili ndi injini yatsopano. Kwawo mawu amenewa ndi amene amagulitsa galimoto. Munthu ukamuuza kuti injini yangoikidwa kumene, amasiya kumenya matayala ndi phazi n'kuyamba kukutchula kuti achimwene. Anayang'ana mitengo imene anthu ena ankatchula pa magalimoto a mtunduwo, mutu n'kumuzungulira pang'ono ndi chisangalalo, kenako anawonjezerapo ya injini ndi ya eyakoni. Anauza Phoebe kuti ayambe kuganizira za puloti ku Lilongwe.

Amene anaimba foni anali ambiri, koma ankati akafunsa za injini n'kuyankhidwa monyadira, ankathokoza n'kudula. Lameck ankati anthu alibe ndalama chifukwa cha mliri. Mmodzi yekha ndi amene anabwera, m'mawa wina dzuwa lisanapse: mdala wa konko, a Khalfan, amene kale ankayendetsa sitima zapamadzi ndipo tsopano ankasunga magalimoto akale monga ena amasungira nkhunda. Anatsika atavala mkanjo woyera ndi masiki, atanyamula kamkeka ndi tochi. Lameck anawapatsa makiyi kuti aiyese, koma anapukusa mutu. Anawapempha kuti amve kaliridwe kake, anapukusanso mutu. Anangosuzumira pa galasi lakutsogolo, pamene pali kachitsulo ka nambala ya galimoto, kenako anapempha kuti boneti itsegulidwe. Anayala kamkeka kaja pa bampala kuti mkanjo usade, n'kuwerama, n'kuunika kutsogolo kwa injini. Anakhala chiweramire nthawi yaitali. Poweramuka, nkhope yawo, kagawo kamene kankaoneka pamwamba pa masiki, inali ya munthu amene wafika pamaliro mochedwa.

"Injini yake ili kuti?" anafunsa m'Chingerezi.

Lameck analoza ndi dzanja lonse, ngati wolandira alendo. Anafotokoza mphamvu zake, kuti situlutsa utsi, kuti mu Ogasiti imatha kuima pamzere ola lathunthu singano osasuntha. A Khalfan anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Atatero anamufotokozera kuti galimoto ngati imeneyi ikamapangidwa inkapatsidwa nambala, ndipo kumapeto kwa nambala yomweyo kunkadindidwa pa injini yake, pa kamalo kosalala kutsogoloko. Manambala awiriwo akagwirizana, osunga magalimoto akale amadziwa kuti galimotoyo ndi yathunthu monga inabadwira, ndipo amalimbirana. Akasiyana, imangokhala galimoto yokongola yokagulira buledi. Mtengo umene anatchula sunafike ngakhale theka la umene Lameck analemba.

Lameck anaseka, poganiza kuti mdalayo akungonenerera. Ananena kuti yakale ija inali yakufa, yogogoda, yoti inachititsa manyazi mkazi wake pamsewu wa kutchalitchi.

"Habibi, bwenzi langa, magalimoto oyenda ndili nawo," anatero a Khalfan akupinda kamkeka kawo. "Ndikufuna injini imene inabadwa ndi galimoto iyi. Ngakhale ikhale yakufa. Ngakhale chitsale chithunthu chake chokha, bola nambala ikhalepo. Mukaipeza, inshallah, mundiimbire."

Anakwera masitepe pang'onopang'ono. Phoebe anali ataonera zonse pawindo ndipo anali atamuthirira kale tiyi. Anamvetsera nkhani yonse osaphethira, milomo ataikanikiza mwamphamvu. Atamaliza, anafunsa mofatsa kwambiri.

"Ndiye kuti, bambo a Lindi, munaitanitsa injini ku Amereka, n'kulipira sitima, n'kulipira makaniko, zonsezo kuti mtengo wa galimoto utsike?"

Lameck anayankha kuti nkhani yake siili choncho kwenikweni. Ataganiza pang'ono, anavomera kuti ili choncho. Phoebe analowa kubafa n'kutsegula mpopi, koma kuseka kwake kunkamvekabe.

M'mawa mwake anapita ku Al Qusais. Galaja ija anaipeza yotseka, chitseko chachitsulo chitatsitsidwa, mchenga utaunjikana pakhomo. Wogulitsa tiyi pafupi pomwepo anamuuza kuti Nazir anakwera imodzi mwa ndege zobwezera anthu kwawo ntchito itasowa, ndipo anamupatsa nambala yake ya foni. Nazir anayankha ali pabwalo la nyumba yake ku Pakistan, mbuzi zikulira kumbuyo. Anasangalala kwambiri kumva mawu a kasitomala wake, ndipo anafunsa za banja, za ntchito, za eyakoni. Za injini anachita kukumbutsidwa. Anati tizitsulo ting'onoting'ono anagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, koma chithunthu chachikulu chija anachitenga kasitomala wina wachiafirika, woyendetsa basi ya kampani, dzina lake Boniface. Ankati akufuna akamupangire mkazi wake tebulo la mu saluni, ku Al Muraqqabat.

Lameck atafotokoza izi kunyumba, Phoebe anaika pansi supuni imene ankatakasira ndiwo. Boniface ameneyu Phoebe ankamudziwa. Mkazi wake anali Matildah, mayi wa ku Zambia, ndipo kwa Matildah n'kumene Phoebe ankalukitsa tsitsi chifikireni ku Dubai. Tebulo lija ankalidziwanso: lapinki, lolemera, lagalasi pamwamba, la mabowo akuluakulu anayi mbali iyi ndi anayi mbali inayo, mmene ankaikamo mabotolo a utoto wa zikhadabo. Zaka zonsezi ankatsamiritsapo mapazi podikira kuti zikhadabo ziume. Sanaganizepo kuti ndi chinthu chomwe chija chinamuimitsa padzuwa.

Lameck anakonza mapulani ngati a nkhondo. Anati Matildah asadziwe mtengo wa chitsulocho, apo ayi akweza mapewa. Phoebe akangonena kuti mwamuna wake wagwidwa ndi chisoni cha zinthu zakale, monga ambiri ankachitira m'nyengo ya mliri, ndipo akufuna chikumbutso. Koma panali vuto limodzi limene injiniya sanaliwerengere: mu saluni ya amayi ku Dubai mwamuna salowa. Choncho Phoebe analowa yekha, foni ili m'manja, ndipo Lameck anatsala panja, pakati pa shopu ya mafoni ndi kahotela kakang'ono, masiki atanyowa ndi thukuta, akuyang'ana injini yake pa vidiyo ngati wachibale amene waletsedwa kulowa m'wodi.

Inali yomweyo, ngakhale inali itasintha moyo. Boniface anaipaka utoto wapinki wonyezimira, n'kuikhazika pa thabwa la timatayala. M'mabowo a masilinda, mmene kale munkaphulika petulo, tsopano munali mabotolo a sanitayiza, thonje, ndi maluwa apulasitiki. Lameck anayamba kulamula. Anati Phoebe agwade, apite kutsogolo, kudzanja lamanja, apeze kamalo kosalala, akande utoto pang'ono. Phoebe anabwereka chopalira zikhadabo kwa mtsikana wina wa pa saluniyo n'kuyamba kukanda, makasitomala awiri amene analoledwa kukhalamo nthawi imodzi atatembenuza mitu yawo yolukidwa theka. Manambala anayamba kuoneka limodzilimodzi. Phoebe ankawerenga, Lameck akuyerekeza ndi chithunzi cha nambala ya pa galimoto. Lomaliza litagwirizana, mapulani onse a nkhondo anauluka. Lameck, amene moyo wake wonse sanathe kuona munthu wosadziwa kanthu osamuphunzitsa, anayamba kufotokoza mokweza za fakitale, za manambala, za mdala wa kamkeka, ndi za mtengo umene ungakwere kuposa kawiri. Foni inali pa sipika.

Nkhope ya Matildah inalowa pa vidiyo, chipeso chili m'tsitsi.

"Ba Lameck, mulamu, nakumvelani bwino maningi," anatero. "Manje ni chikumbutso, olo ni ndalama?"

Lameck anayankha kuti ndi zonse ziwiri.

Matildah anatuluka panja kuti akambirane maso ndi maso, motalikirana monga lamulo linkanenera. Anali mayi wamtali, wosafulumira polankhula. Ananena kuti tebulo limenelo amalikonda, kuti mwamuna wake analipanga ndi manja ake pa tsiku lokumbukira ukwati wawo, ndipo makasitomala achifilipino amalijambula. Lameck anadikira kumva mtengo. Koma Matildah sanatchule ndalama. Anati iwo ndi anthu amodzi, Chipata ndi Mchinji ndi khomo limodzi, ndipo chaka chino aliyense akulira. Vuto lake linali eyakoni ya mu saluni, imene inkapuma ngati munthu wa mphumu, moti makasitomala ankatuluka tsitsi litanyowa kuposa mmene analowera. Aikonze, ndipo amubweretsere tebulo lina. Lameck anasangalala n'kunena kuti eyakoni ya zaka zimenezo njosavuta, amangochotsa n'kuika yatsopano, ndipo akudziwa kumene angaipeze motchipa.

"Awe, mulamu. Ndalama ya yatsopano nilibe, na imwe mulibe. Mukonze yamene iyi."

Anabwera m'mawa wina saluni isanatsegulidwe, mulibe kasitomala, Boniface atamutsegulira. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, Lameck anakhala pansi ndi makina okalamba opanda chilolezo chowataya. Anawamasula, anatsuka fumbi limene linali litaumbika ngati chigumu, anasaka pamene gasi ankathawira n'kuwotcherera kabowo kake, anawongola timapiko topindika limodzilimodzi. Zinamutengera m'mawa wathunthu ndi m'mawa winanso, akung'ung'udza. Atayatsa, mphepo yozizira inatuluka mwakachetechete. Boniface anamumva akuwauza makinawo, motsitsa mawu, kuti anapangidwa bwino ndithu. Atafunsidwa kuti wati chiyani, anati sananene kanthu. Tebulo lolowa m'malo anapereka la pabalaza pawo lomwe, ndipo kwa miyezi ingapo iye ndi Phoebe ankaika makapu pa katoni.

Chithunthu chija anachikankha pa timatayala take mpaka pamsewu, n'kuchikweza pa pikapu ya kireni. Ogulitsa mafoni anatuluka kudzaonerera, wina akufuula yalla, kutanthauza tiyeni, wina akufunsa ngati ndi makina atsopano opopera mankhwala a korona. Madzulo a tsikulo chinali chitakhala pamalo oimikapo magalimoto ku Discovery Gardens, pafupi ndi Chevelle, chapinki pambali pa chofiira.

Apa ndi pamene matenda aja anabwerera. Lameck anachizungulira kangapo n'kuona kuti sangapereke chinthu chotero kwa munthu wolemekezeka. Utoto uchoke, dzimbiri la m'mphepete lichoke, ndipo pamwamba ponse, pamodzi ndi kamalo kakutsogolo kaja, pankafunika kupalidwa kuti pasalale ngati galasi. M'mawa kutacha anatsika ndi galainda, magalasi oteteza maso, ndi chingwe chachitali cha magetsi chimene anachitsitsa kuchokera pakhonde. Phoebe anaona chingwecho chikutsetsereka pabalaza ngati njoka. Anachitsatira mpaka pawindo, ndipo ataona pamene mwamuna wake ankaloza ndi galaindayo, anazula pulagi. Anaimbira a Khalfan pa nambala imene inali pa firiji, n'kuwauza kuti injini yapezeka ndipo mwini wake akufuna kuikongoletsa. Mdalayo anangofunsa kuti akufuna kuikongoletsa ndi chiyani. Atamva kuti ndi galainda, anati akunyamuka pompo, ndipo anamupempha m'dzina la Mulungu kuti mwamunayo asakhudze kanthu, pakuti nambalayo inadindidwa mosazama ndipo ikapalidwa sibwereranso.

Phoebe anatsika ndi ambulera ndi pilo. Anapeza Lameck akugwedeza galainda, akudabwa kuti magetsi apita kuti. Sanakangane naye. Anaika pilo pamwamba pa injini, n'kukhalapo, n'kutambasula ambulera. Lameck anachonderera kuti angochotsa utoto wokha. Kenako anati m'mbali mokha. Pomaliza anapempha kuti angopukuta ndi kansalu. Phoebe anamuuza kuti m'ndege anakhazikapo pansi anthu oledzera aakulu kuposa iye, ndipo ngati manja akumuyabwa akawaike m'thumba. Anakhala choncho, mkazi pa injini, mwamuna manja m'thumba, anansi akusuzumira m'makonde, mpaka galimoto ya a Khalfan inalowa.

Mdalayo anaima patsogolo pa chithunthu chapinki. Anachizungulira. Anatulutsa duwa lapulasitiki limene linatsalira m'silinda imodzi, n'kuliyang'ana, n'kulibwezera momwemo. Kenako anayala kamkeka, n'kugwada, n'kuunika ndi tochi pamalo amene Phoebe anakanda. Anawerenga, n'kupita pa galasi la galimoto, n'kubwerera kudzawerenganso. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo Lameck anada nkhawa kuti mwina ndi chifuwa, koma anali kuseka. Anajambula chithunzi chotumiza kwa anzawo, n'kunena kuti pa zaka zonse zimene akhala akusaka zitsulo zakale, anazipezapo m'makola a ngamila ndi pansi pa mabwato, koma ya mu saluni inali yoyamba.

Mtengo unakwera kuposa kawiri pa umene anatchula tsiku loyamba. Sunafike pa umene ukanakhala injiniyo ikanapanda kuchotsedwa, chifukwa mitu yake, kabuleta, ndi zitsulo zina zinali zitasungunulidwa kalekale, ndipo a Khalfan ananena zimenezi mosabisa. Lameck anamva kuwawa pang'ono, koma anagwirana nawo chanza cha m'mwamba, chosakhudzana, monga anthu ankachitira chaka chimenecho. Lole itabwera kudzanyamula zonse ziwiri, anapempha kuti galimotoyo aikweze yekha. Anakhala pa chiwongolero kanthawi kuposa kofunikira, akusisita mpando wa pambali. Phoebe sanamuseke tsiku limenelo. Lendi inalipidwa, za Lindiwe zinatumizidwa, ndipo Matildah analandira envulopu imene anaikana kawiri asanailowetse m'chikwama. Puloti ya ku Lilongwe inadikira.

Chaka chotsatira chitayamba, Phoebe atapeza ntchito yolandira anthu pamalo obayira katemera, lole ya a Khalfan inabweranso. Inatsitsa bokosi lamatabwa pamalo pomwe Chevelle inkaima. M'katimo munali injini yatsopano ija, yotsukidwa bwino, yopanda vuto lililonse. Dalaivala anati bwana akuti shukran, zikomo, amakaniko awo aidzutsa yakale ija ndipo ili m'malo mwake, iyi alibe nayo ntchito, ndi mphatso. Choncho Lameck, amene poyamba anali ndi galimoto yopanda injini yake, tsopano anali ndi injini yopanda galimoto. Anayang'ana khonde la nyumba yawo, akuyeza ndi maso. Phoebe, ali pakhondepo, anangopukusa chala.

Inapita kumudzi m'kontena, pamodzi ndi mabelo a zovala a Amalawi ena, kwa mlamu wake Potiphar, amene anali ndi pikapu yakale yonyamulira thonje. Potiphar anaisonkhanitsira amakaniko a tauni yonse, ndipo atadula apa n'kuwotcherera apo, inalowa. Tsiku loiyesa, pikapuyo inapitirira basi yaikulu pa msewu wa ku Liwonde, thonje likuuluka m'mbuyo, Potiphar atagwira chiwongolero ndi manja onse akuitana mayina a makolo ake. Pobwerera anaikoka ndi ngolo, petulo atatha. Masiku ano imatuluka nyengo yokolola yokha, ndipo miyezi ina yonse nkhuku zimaikira mazira pansi pake.

Potiphar ndi munthu waulemu, ndipo sanadandaulepo. Amangoti akaimba foni, akafunsa za moyo, za ntchito ndi za achemwali ake, amatsokomola pang'ono n'kunena kuti: "Alamu, mphatso ija tikuyamika kwambiri. Koma mukadzamva za ina yocheperako, ngakhale yakale, mudzatikumbukire."